Maziro akachuluka m'kaundula: mayankho kwa owerenga a m'chigawo cha Tete

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno achokera m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Olembawo amagwira ntchito zosiyana, koma onse awerenga zinthu, alemba m'kaundula, ndipo apeza kuti mizere yambiri yadzaza ndi maziro, kutanthauza nambala 0. Kalata yoyamba tayiyankha motalika chifukwa zimene zili m'menemo n'zofunikanso pa mayankho enawo.

FUNSO: Ndine mlangizi wa zaulimi m'boma la Angónia. M'mwezi wa Januwale ndinayendera minda ya alimi 20, ndipo m'munda uliwonse ndinayang'ana mapesi 10 a chimanga chaching'ono kuti ndiwerenge mbozi zimene zimalowa m'nsonga, zomwe pa Chipwitikizi timati lagarta do funil. Pa mapesi 200 onsewo, 130 analibe mbozi ngakhale imodzi, ndipo pa 70 otsalawo ndinapezapo mbozi 240. Ndikagawa 240 ndi 200 ndikupeza mbozi 1.2 pa phesi lililonse, koma nambala imeneyi siikugwirizana ndi zimene ndinaona ndi maso anga, chifukwa phesi lokhala ndi mbozi imodzi yokha linali losowa. Mnzanga wina akuti ndichotse maziro onse, wina akuti ndigwiritse ntchito modelo ya Poisson. Kodi ndimvere uti?

YANKHO: Bambo mlangizi, musachotse ziro ngakhale mmodzi. Phesi limene munaliyang'ana n'kulipeza lopanda mbozi lakuuzani zoona zake monga mmene lachitira phesi lokhala ndi mbozi zisanu, ndipo mukalichotsa mudzanena kuti chimanga cha m'dera lanu chili ndi mbozi zoposa zitatu pa phesi, pamene mapesi awiri mwa atatu alionse ali bwinobwino. Mlimi amene angamve zimenezo akhoza kugula mankhwala opopera munda wonse popanda chifukwa.

Mnzanu wachiwiri wayandikira pang'ono, ndipo ndi bwino timvetse kaye chimene modelo ya Poisson imanena. Modelo ndi njira ya masamu yoyerekezera mmene manambala ayenera kuonekera. Dzinali ndi la katswiri wa masamu wa ku France, Siméon Denis Poisson, amene analemba za njirayi mu 1837. Imagwira ntchito pa zinthu zowerengeka, zimene zimakhala 0, 1, 2, 3 kupita m'tsogolo, koma imafuna kuti chinthu chilichonse chichitike pachokha, chosakokedwa ndi chinzake, komanso kuti phesi lililonse likhale ndi mpata wofanana wogwidwa. Zikatero, mukangodziwa avereji, ndiye kuti mwadziwanso kuchuluka kwa maziro amene ayenera kupezeka. Avereji ikakhala 0.5, pa mapesi 100 alionse pafupifupi 61 amakhala opanda kanthu. Ikakhala 1 amakhala 37. Ikakhala 2 amakhala 14. Ikakhala 3 amakhala 5 okha.

Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya, yakuti kuchuluka kwa maziro pakokha si vuto. Mu 1898 katswiri wa ziwerengero Ladislaus Bortkiewicz anafalitsa chiwerengero cha asilikali a ku Prussia, ufumu wakale wa ku Germany, amene anafa chifukwa chomenyedwa ndi mahatchi pakati pa 1875 ndi 1894. Pa magulu 10 a asilikali kwa zaka 20, panali ziwerengero 200 ndi imfa 122, ndipo pa ziwerengero zimenezo 109 zinali ziro. Ndiye kuti maziro anapitirira theka, komabe popeza avereji inali 0.61 yokha, modelo ya Poisson inkayembekezera maziro pafupifupi 109 omwewo. Funso loyenera kufunsa, tsono, ndi lakuti kodi maziro achuluka kuposa mmene avereji yanu ikulolera.

Kwa inu yankho ndi lakuti inde. Pa avereji ya 1.2, Poisson imayembekezera kuti mapesi 30 pa 100 alionse akhale opanda mbozi, kutanthauza mapesi pafupifupi 60 pa 200 anu. Inu mwapeza 130, kuposa kuwirikiza kawiri. Maso anu sanakunamizeni. Modelo ya Poisson imafunanso kuti muyeso wa kumwazikana kwa manambala, umene akatswiri amautcha variance, ufanane ndi avereji, ndipo manambala ngati anuwa amamwazikana kwambiri kuposa pamenepo. Kuopsa kwake n'kwakuti mukaikakamiza, kompyuta idzakupatsani mayankho ooneka otsimikizika kuposa mmene alili, ndipo mukhoza kulengeza kuti mtundu wina wa mbewu umapirira mbozi pamene kusiyanako kwangochitika mwamwayi.

Chifukwa chake chili m'khalidwe la kachilomboka. Gulugufe wake amaikira mazira mwaunyinji pamalo amodzi, kawirikawiri 100 mpaka 200 pa tsamba limodzi, ndipo timbozi tikaswa timafalikira ku mapesi oyandikana nawo. Choncho phesi likagwidwa, loyandikana nalo limakhalanso pangozi, pamene munda umene gulugufe sanafikemo umakhala woyera wonse. Mbozi zimenezi zikakula zimadyana zokhazokha, n'chifukwa chake m'nsonga ya chimanga chachikulu mumapezeka imodzi kapena ziwiri. Kuti munapeza zoposa zitatu pa phesi logwidwa zikusonyeza kuti munafika zidakali zazing'ono, ndipo mulembe msinkhu wake m'lipoti lanu.

Tsopano taganizirani za mapesi 130 aja. Ena alibe mbozi chifukwa sakanatha kukhala nazo pa tsikulo, mwina gulugufe sanafike m'mundamo kapena mwini wake anali atapopera mankhwala masiku apitawo. Ena ali m'munda wogwidwa ndithu, koma anangopulumuka. M'kaundula onsewa alembedwa ndi chizindikiro chimodzi, koma ndi maziro a mitundu iwiri. Modelo yotchedwa zero-inflated Poisson inapangidwira zimenezi. Amene anaifotokoza mokwanira ndi Diane Lambert mu 1992, pofufuza zolakwika zimene zinkapezeka powotcherera zipangizo zamagetsi ku AT&T Bell Laboratories ku America. Ganizo lake linali lakuti makina akakhala kuti atcheredwa bwino satulutsa cholakwika chilichonse, koma akasokonekera zolakwika zimabwera motsatira Poisson, ndipo ngakhale pamenepo chipangizo china chikhoza kutuluka chopanda cholakwika. Modeloyi ili ndi mbali ziwiri zimene zimawerengedwa nthawi imodzi. Mbali yoyamba imayeza mpata woti phesi lili m'gulu losafikiridwa, ndipo yachiwiri imayeza kuchuluka kwa mbozi pa mapesi amene ali pangozi.

Ndayesa manambala anu ndi modeloyi. Ikusonyeza kuti pafupifupi mapesi 64 pa 100 alionse ali m'gulu losafikiridwa, ndipo 36 otsalawo ali ndi avereji ya mbozi 3.3 pa phesi. Mukachulukitsa 0.36 ndi 3.3 mukubwerera pafupi ndi 1.2 yanu ija, koma tsopano nkhaniyo ikufanana ndi zimene munaona. Pa maziro anu 130, modelo ikuti pafupifupi 127 ndi a gulu losafikiridwa ndipo atatu okha ndi opulumuka mwamwayi.

Komabe sindikufuna kuti muthamangire modeloyi musanatsegulenso kope lanu la kumunda. Munayendera minda 20, mapesi 10 m'munda uliwonse, ndipo maziro ndi 130. Onani ngati maziro amenewa sanaunjikane m'minda yochepa. Ngati mutapeza kuti minda 13 inalibe mbozi konse ndipo minda 7 inagwidwa yonse, ndiye kuti gulu losafikiridwa lija mukulidziwa kale ndi maina a eni minda, ndipo funso lenileni ndi lakuti minda 7 ija ikusiyana bwanji ndi inzake: inabzalidwa liti, ili pafupi ndi dimba limene munali chimanga m'chilimwe kapena ayi, anapoperamo kapena sanapoperemo. Pamenepo umboni wanu ndi wa minda 20, osati mapesi 200, ndipo modelo iliyonse imene mungasankhe iyenera kuuzidwa kuti mapesi a m'munda umodzi ndi apachibale. Akatswiri amachita zimenezi poika munda ngati random effect. Koma ngati maziro amwazikana m'minda yonse, ndiye kuti nkhani ndi ya kuunjikana kwa mbozi mkati mwa munda, ndipo modelo ya negative binomial, imene ndaifotokoza m'yankho lotsatirali, ikhoza kukukwanirani. Kwa alimi ndi kwa akuluakulu anu, perekani manambala awiri limodzi: mapesi 35 pa 100 alionse anagwidwa, ndipo phesi logwidwa linali ndi mbozi pafupifupi 3.4.

FUNSO: Ndimagwira ntchito mu labotale ya chipatala china m'boma la Macanga. Timayeza mkodzo wa ana asukulu pofufuza likodzo, ndipo timawerenga mazira amene atsalira pa sefa. Ana ambiri alibe dzira ngakhale limodzi, ena ali ndi ochepa, koma pali ana owerengeka amene ali ndi mazira mazanamazana. Ndinalangizidwa kuti pa nambala iliyonse ndiwonjezerepo 1, kenaka nditenge logarithm, njira ya masamu yochepetsera manambala aakulu, kuti manambala akhale bwino. Kodi njira imeneyi ndi yolondola?

YANKHO: Mayi, njira imeneyi inatchuka kale pamene makompyuta anali osowa, ndipo anthu ankafuna kupinda manambala awo kuti agwirizane ndi njira zowerengera zimene zinalipo. Amawonjezera 1 chifukwa ziro alibe logarithm. Koma palibe chifukwa chenicheni chosankhira 1 m'malo mwa 0.5 kapena 0.1, ndipo maziro akachuluka yankho lanu limasintha malinga ndi kanambala kamene mwasankha, zomwe zikutanthauza kuti yankholo likuchokera kwa inu osati kwa anawo. Ndiponso mulu wa maziro uja suchoka, umangokhala pomwepo ndi dzina latsopano. Mu 2010 Robert O'Hara ndi Johan Kotze anayerekeza njirayi ndi mamodelo opangidwira zowerengeka, ndipo anapeza kuti kutenga logarithm kumapereka mayankho okhota, makamaka pamene avereji ndi yaing'ono ndipo manambala ndi omwazikana kwambiri.

Chimene mukuona pa maikulosikopu ndi khalidwe lodziwika la tizilombo tokhala m'thupi la munthu: anthu ochepa amasenza tizilombo tochuluka, ambiri amakhala ndi tochepa kapena alibe. Mwana amene amasambira tsiku ndi tsiku pa dziwe lokhala ndi nkhono zofalitsa likodzo sangafanane ndi amene amasamba madzi a pa mjigo. Modelo imene imalola kuti anthu asiyane chonchi ndi negative binomial. Major Greenwood ndi George Udny Yule anaigwiritsa ntchito mu 1920 pa ngozi za amayi ogwira ntchito m'mafakitale a zida zankhondo ku Britain, ataona kuti amayi ambiri sankavulala konse pamene ochepa ankavulala mobwerezabwereza, kuposa mmene Poisson ikanalolera. Modeloyi ili ndi nambala yowonjezera, imene amailemba k, yosonyeza kukula kwa kuunjikana; k akakhala wamng'ono, kuunjikana kumakhala kwakukulu.

Taonani mmene nambala imeneyi imasinthira maziro. Pa avereji ya mazira 3, Poisson imayembekezera ana 5 pa 100 opanda dzira. Negative binomial ya avereji yomweyo, k ali 0.5, imayembekezera ana 38, ndipo k akatsika kufika pa 0.2 imayembekezera ana 57. Choncho maziro opitirira theka akhoza kubwera popanda kuganiza kuti pali gulu lapadera la ana osafikiridwa. David Warton anasonyeza zimenezi mu 2005 pa ziwerengero zambiri za zamoyo za m'chilengedwe, pamene negative binomial wamba inkafotokoza bwino maziro ochuluka nthawi zambiri. Uphungu wanga ndi wakuti muyambe ndi imeneyi, muone ngati maziro amene ikuyembekezera akufanana ndi amene muli nawo, ndipo muwonjezere mbali ya maziro apadera pokhapokha ikalephera.

Pali chinthu china chimene inu mukuchidziwa bwino kuposa wowerengera aliyense wa mu ofesi, chakuti ziro wa mu labotale nthawi zina ndi wabodza. Mwana wa likodzo lochepa akhoza kusatulutsa dzira m'mamililita 10 a mkodzo amene mwasefa lero, mawa n'kutulutsa. N'chifukwa chake mkodzo umatengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi imene mazira amatuluka kwambiri. Motero maziro anu ali ndi magwero atatu: ana amene alibe matenda, ana amene anamwa posachedwapa mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel, ndi ana odwala amene mazira awo sanaoneke. Palibe modelo imene ingasiyanitse magulu atatuwa kuchokera pa kuyeza kamodzi kokha. Chimene chingathandize ndi kufunsa mwana aliyense za tsiku limene anamwa mankhwala ndi za kumene amasamba, ndiponso kuyeza ena mwa ana a ziro kachiwiri pa tsiku lotsatira. Ngakhale mutabwereza ana ochepa chabe, mudzadziwa kukula kwa maziro abodza m'kaundula wanu.

Ngati mumayezanso chimbudzi ndi njira ya Kato-Katz, samalani ndi izi. Kachikombole kake kamatenga mamiligalamu 41.7, ndipo mazira amene mwawerenga amachulukitsidwa ndi 24 kuti apereke mazira pa galamu imodzi. Manambala ochulukitsidwawo amadumpha kuchoka pa 0 kufika pa 24, kenaka 48, ndipo modelo ya zowerengeka imasokonezeka poona kuti palibe amene ali ndi 1 kapena 5. Ipatseni manambala enieni amene munawerenga pa galasi, ndipo kuchulukitsa ndi 24 mukuchite pomaliza.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa logarithm ndi chakuti imachepetsa mphamvu ya ana ochepa aja a mazira mazanamazana, pamene iwo ndi amene ali pangozi yaikulu ya kuwonongeka kwa chikhodzodzo ndi impso, ndiponso ndi amene amabwezera mazira ambiri m'madzi. Bungwe la WHO limati likodzo la m'mkodzo ndi lalikulu mazira akafika 50 kapena kuposerapo pa mamililita 10. M'lipoti lanu nenani ana angati pa 100 ali ndi mazira, ndi angati afika pa 50, ndipo avereji ibwere pambuyo pa ziwirizi.

FUNSO: Ndine wophunzira wa zaulimi ku Ulongwe, ndipo ndikulemba kafukufuku wanga womaliza pa nambala ya mbuzi zimene mabanja anagulitsa chaka chatha m'midzi ina ya ku Tsangano. Mabanja ambiri sanagulitse ngakhale imodzi. Ndawerenga za modelo ya hurdle ndi ya zero-inflated, koma sindikuona kusiyana kwake. Ndisankhe iti, ndipo ndigwiritse ntchito pulogalamu yanji?

YANKHO: Achimwene, mbuzi za ku Tete ndi chitsanzo chabwino kwambiri pa nkhaniyi. Banja limene lilibe khola silingagulitse mbuzi, ndipo ziro wake ndi wosapeweka. Banja limene lili ndi mbuzi koma chaka chatha silinaone vuto la fizi, matenda kapena feteleza lofuna ndalama mwamsanga, nalonso lalembedwa ziro, koma likanatha kugulitsa.

Modelo ya zero-inflated imavomereza kuti maziro achokera m'magulu awiriwa ndipo imayesa kuyerekeza kukula kwa gulu lililonse, ngakhale kuti siingakuuzeni motsimikiza kuti banja lakutilakuti lili m'gulu liti. Modelo ya hurdle, imene John Mullahy anaifotokoza pa zowerengeka mu 1986, imaika maziro onse m'dengu limodzi. Dzina lake limatanthauza chotchinga choti munthu adumphe. Imafunsa mafunso awiri motsatizana: choyamba, kodi banja linagulitsa kapena ayi, ndipo chachiwiri, pakati pa ogulitsa okhaokha, linagulitsa zingati. Pa funso lachiwirili ziro saloledwa, kuwerenga kumayambira pa 1. Mbali ziwirizi zikhoza kuwerengedwa padera, ndipo n'zosavuta kuzifotokoza kwa munthu amene sanaphunzire masamu. Kusiyana kwina n'kwakuti zero-inflated imangodziwa kuwonjezera maziro, pamene hurdle imagwiranso ntchito ngakhale maziro atachepa kuposa mmene amayembekezeredwa.

Koma tsegulani kaye pepala lanu la mafunso. Ngati munafunsa banja lililonse kuti lili ndi mbuzi zingati, ndiye kuti maziro osapeweka mukuwadziwa kale, ndipo palibe chifukwa chopemphera kompyuta kuti ilote chimene mwini khola anakuuzani ndi pakamwa pake. Fotokozani padera kuti ndi mabanja otani amene amaweta mbuzi, kenaka muwerengere kugulitsa pakati pa oweta okha. Pochita zimenezi musaiwale kukula kwa khola, chifukwa kugulitsa mbuzi ziwiri pa zitatu n'kosiyana kwambiri ndi kugulitsa ziwiri pa 30. Nambala ya mbuzi za m'khola iyenera kulowa m'modelo, mwina ngati chimene amachitcha offset, chimene chimachititsa kuti mbuzi zogulitsidwa ziyezedwe molingana ndi kukula kwa khola. Ngati pakati pa oweta maziro akadali ambiri, ine ndingasankhe hurdle, chifukwa kwa mabanja ambiri kutulutsa mbuzi yoyamba m'khola ndi chigamulo chachikulu chofuna kukambirana, chosiyana ndi kusankha kuti zipite ziwiri kapena zitatu. Ngati funso la khola simunalifunse ndipo simungathe kubwerera kumidzi, pamenepo zero-inflated ili ndi chifukwa chomveka.

Pa za pulogalamu, R ndi yaulere ndipo imagwira ntchito pa kompyuta wamba. Mu R muli mapukusi owonjezera ntchito zake: phukusi la pscl lili ndi malamulo awiri, zeroinfl ndi hurdle; la MASS lili ndi glm.nb ya negative binomial. Ndipo glmmTMB imakulolani kuwonjezera mudzi ngati random effect, zimene mudzazifuna popeza mabanja a mudzi umodzi amagulitsa pa msika umodzi ndipo amakumana ndi matenda a ziweto ofanana. Ngati muli ndi pulogalamu ina yotchedwa Stata, malamulo ake ndi zip ndi zinb. Yambani ndi Poisson, kenaka negative binomial, kenaka mamodelo a mbali ziwiri, ndipo muwayerekeze ndi muyeso wa AIC, umene ukachepa ndiye kuti modelo yachita bwinoko. Chofunika kuposa AIC ndi kuuza modelo iliyonse kuti inene mabanja angati ayenera kukhala ndi 0, 1, 2, 3, n'kuika manambalawo pambali pa enieni. Mabuku ambiri akale amalangiza kuyesa ndi njira ya Vuong ya 1989 posankha pakati pa Poisson ndi zero-inflated Poisson, koma Paul Wilson anasonyeza mu 2015 kuti njirayi siyenera pa ntchito imeneyi, choncho musaidalire ngakhale pulogalamu itaipereka.

Ndikuchenjezeni pa zinthu ziwiri zimene zimagwetsa ophunzira ambiri pa tsiku loteteza kafukufuku. Choyamba, zero-inflated imatulutsa matebulo awiri, ndipo m'mapulogalamu ambiri tebulo la maziro limanena za mpata wokhala ziro wosapeweka, kotero nambala yokwera pamenepo ikutanthauza kuti banja lili kutali ndi kugulitsa. Mu hurdle ya pscl tebulo lofananalo limanena za mpata wodumpha chotchinga, ndiye tanthauzo lake ndi lotembenuka. Ndiponso tebulo la kuchuluka limanena za gulu lotha kugulitsa lokha, osati mabanja onse a m'mudzi. Chachiwiri, mphamvu ya mamodelo amenewa imadalira kwambiri mabanja amene sali pa ziro. Ngati ogulitsa ndi 25 okha, musaike zifukwa khumi m'mbali iliyonse. Sankhani ziwiri kapena zitatu zimene mukutha kuziteteza ndi nzeru za ulimi. Mukaona manambala aakulu modabwitsa m'tebulo la maziro, kapena pulogalamu ikadandaula kuti yalephera kukhazikika, dziwani kuti mwaisenzetsa katundu woposa umboni wanu, ndipo bwererani ku modelo yosavuta.

FUNSO: Ndimasonkhanitsa malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera m'zipatala zazing'ono za dera lathu kufupi ndi Zóbuè. Mabokosi ena a pa fomu amabwera osalembedwa kanthu, ndipo polowetsa mu kompyuta ndimalembamo ziro kuti tebulo lidzaze. Kodi pali cholakwika?

YANKHO: Bambo, cholakwika chilipo ndipo n'chachikulu, ngakhale ndikumvetsa kuti mumachita zimenezi pofuna kuti ntchito ioneke yomalizidwa. Ziro amatanthauza kuti munthu anayang'ana ndipo sanapeze kanthu. Bokosi losalembedwa likhoza kutanthauza zimenezo, koma likhozanso kutanthauza kuti namwino anali pa tchuthi, kaundula anatha, msewu unaduka ndi mvula, kapena zipangizo zoyezera malungo zinalibe mwezi umenewo. Chipatala chimene chinalibe zoyezera sichingalembe wodwala malungo wotsimikizika ngakhale odwala atadzaza pakhonde. Mukalembapo ziro, amene amagawa mankhwala adzaona ngati kumeneko malungo achepa, ndipo akhoza kutumizako mankhwala ochepa m'mwezi umene akufunika kwambiri.

Maziro oterewa ndi oipa kuposa onse amene takambirana pamwambapa, chifukwa akalowa mu kompyuta amafanana ndendende ndi maziro oona. Wowerengera amene adzalandire tebulo lanu adzaona kuti maziro achuluka, adzagwiritsa ntchito zero-inflated, ndipo modeloyo idzamuuza kuti pali gulu la zipatala kumene matenda safika, pamene kwenikweni ndi zipatala zimene malipoti ake sanakwane.

Siyani bokosi lotere lopanda kanthu, kapena mugwirizane chizindikiro chimodzi chosonyeza kuti nambala sinabwere. Mu R chizindikirocho ndi NA. Pemphani ogwira ntchito m'zipatalazo kuti akayang'ana n'kusapeza kanthu azilemba 0 ndi dzanja lawo, ndipo fomu ikabwera ndi mabokosi osalembedwa muziwaimbira foni sabata yomweyo asanaiwale. Ngati n'kotheka, onjezerani mizere iwiri m'tebulo lanu, wina wa masiku amene chipatala chinatsegula ndi wina wa masiku amene zoyezera zinalipo, chifukwa odwala 6 pa masiku 5 n'ngosiyana ndi odwala 6 pa masiku 30. Za miyezi imene munalowetsa kale, mafomu a pepala akadalipo, bwererani kwa iwo ndipo mufafanize ziro aliyense amene sanalembedwe ndi dzanja la wa kuchipatala.